Lipoti: kusefa zobwerera zosakhala mvula pa radar yaing'ono m'chigwa cha kumunsi kwa Dedza

Malo ndi cholinga cha ntchito

Lipoti lino likutsata nkhani imodzi, ya sefa yochotsa pa chithunzi cha radar zinthu zosakhala mvula, kuyambira pomwe inaonekera mpaka pomwe inathera, ndipo ndalilembera anzanga amene amagwira ntchito ndi deta ya radar yoyezera mvula. Radar yomwe ikunenedwa pano inali yaing'ono, ya mtundu wa X-band, ndipo inaikidwa mongoyesera kwa nyengo imodzi ya mvula pa kamtunda kena m'chigwa cha kumunsi kwa Dedza, pakati pa Golomoti ndi Mtakataka. Udindo wanga unali woona ubwino wa deta isanasandutsidwe kukhala mamilimita a mvula. Machenjezo opita kwa anthu onse amatulutsidwa ndi nthambi ya boma yoona za nyengo, choncho uthenga wathu unkangopita kwa anthu ochepa omwe anavomera kuthandiza pa kuyesaku, omwe ndi owerenga zoyezera mvula m'masukulu ndi m'midzi komanso atsogoleri a makomiti ena a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Malowa anasankhidwa chifukwa cha mmene dzikolo linakhalira. Tawuni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198, pamene madzi a nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 474. Kutsika kwa mamita oposa 1,000 kumeneku kumachitika pa mtunda waufupi, monga amadziwira aliyense amene watsikapo msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti. Mitsinje monga Nadzipulu, Namikokwe ndi Livulezi imayambira m'mapiri amenewa, ndipo mvula ikagwa yambiri kumtunda madzi amafika kuchigwa mwaliwiro, nthawi zina kuchigwako dzuwa likuwala. Radar inabwera kudzayang'ana mtsetse wa mapiriwo, ndipo sefa iliyonse yomwe tinayesa inayenera kuweruzidwa potengera zomwe inachita pa mtsetse umenewu.

Radar ya X-band imatumiza mafunde a pafupifupi 9.4 GHz, otalika masentimita atatu, ndipo imayeza mphamvu ya zomwe zabwerera m'madBZ. Chidacho sichidziwa mvula, chimangodziwa kuti pa mtunda wakutiwakuti pali chinthu chomwe chabweza mafunde, kaya ndi madontho, thanthwe, mbalame kapena malata a nyumba. Ukagwiritsa ntchito masamu akale a Marshall ndi Palmer, a Z = 200R^1.6, momwe Z ndi mphamvu ya zobwerera ndipo R ndi mamilimita a mvula pa ola, 20 dBZ amapereka mvula yosakwana milimita imodzi pa ola, 40 dBZ amapereka pafupifupi mamilimita 11.5, ndipo 50 dBZ amayandikira mamilimita 49 pa ola. Phiri limabweza 50 dBZ mosavuta tsiku lopanda mtambo. Radar yathu inkayezanso liwiro la Doppler, kutanthauza liwiro la chinthu chobwera kwa radar kapena chochoka kwa iyo, ndipo popeza inkatumiza mafunde opingasa ndi oimirira, inkatipatsa ZDR (kusiyana mphamvu kwa mafunde awiriwo pobwerera), rhoHV (nambala ya pakati pa 0 ndi 1 yosonyeza kugwirizana kwawo) ndi PhiDP (kutsalirana kwawo akamadutsa m'mvula). Inafika ndi zotetezera ziwiri zokhazikitsidwa kale ndi omwe anaigulitsa: mapu a clutter, kutanthauza zobwerera zochokera ku nthaka ndi mapiri, omwe anajambulidwa masana ena otentha mu Okutobala, ndi sefa ya Doppler yomwe inkachotsa chilichonse cha liwiro loyandikira ziro, koma m'malo okhawo omwe mapuwo analoza.

Chisankho chimodzi chomwe tinapanga pachiyambi chinadzakhala maziko a zonse zotsatira. Malo osungira deta anali ochepa, moti mafunde osaphika omwe radar imalandira, otchedwa I ndi Q, sitikanatha kuwasunga nyengo yonse, koma tinagwirizana kuti pa kuzungulira kulikonse tizisunga mphamvu yonse isanasefedwe, yomwe mu ndondomeko yosungira deta ya radar yotchedwa ODIM imalembedwa TH, pambali pa yosefedwa, ya DBZH. Mnzathu woona za makompyuta anadandaula kuti mafailo akula, koma anavomera.

Chizindikiro choyamba

Chakumapeto kwa Novembala, mvula zoyamba zitagwa kale, pulogalamu yathu inatumiza uthenga mbandakucha wonena kuti kukugwa mvula yamphamvu m'chigwa cha Bwanje, chakumwera kwa radar kulowera ku Kasinje ndi Sharpevale m'boma la Ntcheu. Pa chithunzi panali madontho a 45 mpaka 50 dBZ omwazikana m'chigwamo. Kutacha ndinaimbira foni mayi wina amene amawerenga choyezera mvula pa sukulu ina kumeneko, ndipo iwo anandiuza kuti usiku wonse kunali nyenyezi, choyezeracho chinali chouma, koma mame anali ambiri mpaka udzu kunyowetsa nsalu. Mawu awo okhudza mame ndi amene anandilozera koyambira kufufuza, chifukwa mame ochuluka amatanthauza usiku wopanda mphepo, nthaka yonyowa ndi mpweya wa pansi womwe wazizira kwambiri.

Nditabwerera ku deta, zizindikiro zonse zinaloza kumodzi. Zobwererazo sizinkasuntha ngakhale pang'ono pakati pa chithunzi china ndi chinzake, liwiro lake la Doppler linali pa ziro, ndipo manambala a tibokosi toyandikana, tizigawo ting'onoting'ono topanga chithunzi cha radar, ankasiyana kwambiri, kwina 50 dBZ, kabokosi kotsatira 15, pamene mvula yeniyeni imasintha mosalala. Zinkaoneka radar ikaloza m'mwamba pa ngodya ya madigiri 0.5 yokha, pa 1.5 panalibe kanthu, chinthu chosatheka kwa mtambo wogwetsa mvula yotere, womwe umatalika makilomita angapo m'mwamba. Zithunzi za satelayiti ya Meteosat za nthawi yomweyo sizinaonetse mtambo wozizira pamalopo. Dzuwa litakwera pang'ono zonse zinazimiririka.

Chomwe chinachitika ndi kupindika kopitirira muyeso kwa cheza cha radar, chomwe ndi mzere wa mafunde omwe imatumiza. Masiku wamba cheza chimapindikira pansi pang'ono, ndipo powerengera kutalika kwake timatenga dziko ngati lalikulu ndi magawo 4/3 a kukula kwake kwenikweni. Izi zimagwira ntchito pamene refractivity ya mpweya, mphamvu yake yopinda mafunde, ikutsika ndi mayunitsi pafupifupi 40 pa kilomita iliyonse yokwera. Usiku wopanda mitambo m'chigwa, mpweya wozizira ndi wachinyezi umagona pansi, wofunda ndi wouma n'kukhala pamwamba pake, ndipo kutsikako kumakula. Kukafika pa mayunitsi 157 pa kilomita, cheza chimapindika mofanana ndi kuzungulira kwa dziko, ndipo kukapitirira apo chimabwerera kudzagunda mitengo, zulu ndi madenga a m'chigwa. Mapu a clutter sakanatha kuthandiza, chifukwa anajambulidwa masana a chilimwe pamene mpweya unali wosakanikirana bwino, ndipo malo omwe cheza chimagunda usiku wa dzinja sanali m'mapumo.

Titayamba kuyang'ana deta ya masiku opanda mvula ndi diso lokayikira, tinapeza alendo ena. Madzulo otsatira mvula yaikulu, pafupi ndi radar pankaoneka chifunga cha zobwerera zofooka, za ZDR yaikulu kwambiri ndi rhoHV yotsika, ndipo nthawi yake inkagwirizana ndi kuuluka kwa ngumbi. Tizilombo timakhala totalika kuposa kunenepa kwake ndipo timauluka mopingasa, n'chifukwa chake timabweza mafunde opingasa kuposa oimirira, mpaka ZDR kudutsa 5 dB, pamene mvula wamba siifika kumeneko. Kumpoto chakum'mawa, pamwamba pa nyanja, masiku ena kunkatuluka mizati yopyapyala yoyenda ndi mphepo, yamphamvu kuposa ya ngumbi. Bambo wina wachikulire, msodzi, atamva tikufotokoza malo ndi nthawi, anatifunsa ngati mwezi unali utangooneka kumene, ndipo titayang'ana pa kalendala tinapeza kuti zinalidi choncho. Iwo anati zimenezo ndi nkhungu, ntchentche za m'nyanja zomwe zimatuluka m'madzi zambirimbiri n'kumaoneka ngati utsi. Asayansi amazitcha Chaoborus edulis, ndipo kutuluka kwake kumayenderadi limodzi ndi mwezi watsopano.

Mitundu ina iwiri sinavute kuizindikira. Mizere yowongoka yochokera pa radar kulowera kunyanja, yamadonthomadontho, inali kusokoneza kwa ma radar a sitima zapamadzi, omwe amagwiritsa ntchito mafunde a 9.3 mpaka 9.5 GHz, pafupi kwambiri ndi athu. Zobwerera zazitali ngati mphero, zoloza ku radar, zinali mitambo yeniyeni koma yoikidwa pamalo olakwika. Radar ikamatumiza mafunde ka 2,000 pa sekondi imaona molondola mpaka makilomita 75 okha, ndipo mtambo waukulu womwe uli pa makilomita 90 umalembedwa ngati uli pa 15, chifukwa yankho lake limafika mafunde otsatira atatumizidwa kale.

Chisankho choyamba ndi zifukwa zake

Uthenga wabodza unabwerezanso m'mamawa ena a Disembala, ndipo wapampando wa komiti ina anatiuza mosabisa kuti anthu awo ayamba kuseka mauthenga athu, ndipo akapitirira sadzawerengedwanso tsiku lomwe adzakhale oona. Katswiri wa kampani yomwe inagulitsa radar anapereka njira yachangu: kuyatsa sefa ya Doppler paliponse, osati m'mapu mokha, ndi kutaya kabokosi kalikonse komwe rhoHV yake ili pansi pa 0.9. Maganizowa anali ndi maziko. Mvula wamba imakhala ndi rhoHV yoposa 0.97 chifukwa madontho amafanana maonekedwe, pamene tizilombo, mbalame ndi nthaka kawirikawiri zimagwera pansi pa 0.8, ndipo malire a 0.9 amaoneka ngati pakati pabwino. Nyengo inali itafika pachimake, nthawi yomanga sefa yabwino panalibe, ndipo kukhulupirika kwa ntchito yonse kunali pangozi. Tinavomera njirayi ngati yongoyembekezera, pokhapokha TH ipitirire kusungidwa osakhudzidwa.

Zotsatira zake zinasangalatsa aliyense. Chigwa cha Bwanje chinayera m'mamawa, ngumbi ndi nkhungu zinachoka pa chithunzi, ndipo mauthenga abodza anasiya. Mvula zomwe zinagwa m'chigwa ndi pamwamba pa nyanja m'masabata amenewo zinkagwirizana bwino ndi zoyezera zathu. Koma zoyezera zambiri zinali m'chigwa momwemo, m'masukulu ofikika ndi galimoto, ndipo pa mtsetse wa mapiri panali zochepa. Kugwirizana komwe tinkakuona kunali kwa dera lomwe sefa inali ndi ntchito yophweka.

Posinthira nkhani

Mu Januwale, masana ena, mtambo waukulu unamangika pa mtsetse kumadzulo kwa radar ndipo unayenda pang'onopang'ono motsata mapiriwo kuchokera kumpoto kupita kumwera. Madzulo a tsikulo mtsinje wina wotsika m'mapirimo unadzaza, madzi anadutsa pamwamba pa kalavati ndi kukokolola chimanga cha m'mphepete mwake. Palibe amene anavulala, chifukwa anthu a kumtunda anaimbira abale awo a kuchigwa monga amachitira nthawi zonse. Radar sinatumize uthenga uliwonse. Mamilimita omwe inawerengera dera la mtsinjewo anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe choyezera cha pa sukulu ina ya kumtunda chinasonyeza, ndipo pa chithunzi mtambowo unkaoneka wong'ambika pakati.

Apa TH inagwira ntchito yake. Nditachotsa DBZH mu TH kuti ndione zomwe sefa inadya, panatuluka lamba woonekera bwino wodutsa pakati pa mtambo, wolunjika kumadzulo kwenikweni. Radar ya Doppler imayeza liwiro lobwera kwa iyo kapena lochoka kwa iyo basi. Mvula yoyenda mopingasa ndi cheza, ngakhale ithamange chotani, imalembedwa kuti liwiro lake ndi ziro, chimodzimodzi ndi thanthwe. Mtsetse wa Dedza unagona kuchokera kumpoto kupita kumwera, radar yathu inkauyang'ana kuchokera kum'mawa, ndipo mitambo ya miyezi imeneyi, makamaka mphepo ikamachokera kumpoto, imakonda kuyenda motsata mapiriwo. Ndiko kuti mvula yomwe radar inabwerera inali ndendende mvula yomwe sefa ya ziro inkaiona ngati phiri. Sefa yotere imangodula gawo la mafunde loyandikira ziro osabwezeretsapo kanthu, ndipo mvula ikakhala yoyenda pang'onopang'ono, mbali yaikulu ya mphamvu yake imapita pamodzi ndi clutter.

Vuto lachiwiri linali pakatikati pa mtambo, pomwe TH inkadutsa 55 dBZ koma DBZH inali dzenje lopanda kanthu. Aphunzitsi a pa sukulu ya kumtunda ija anatsimikiza kuti kunagwa matalala. Matalala osakanikirana ndi mvula amatsitsa rhoHV chifukwa zinthu za m'kabokosimo zimasiyana kukula ndi maonekedwe, ndipo imatha kutsika pansi pa 0.9. Pa mtsetse palinso china: kabokosi kamodzi kamakhala ndi mvula ndi thanthwe nthawi imodzi, ndipo thanthwelo limakokera rhoHV pansi ngakhale mvula ili yeniyeni. Malire a 0.9 anataya tibokosi tonseti, ndipo pulogalamu yowerengera mamilimita inatenga kabokosi kotayidwa ngati kabokosi kopanda mvula. Ichi ndi chomwe ndikufuna anzanga achisinkhesinkhe, chifukwa sichioneka pa chithunzi: kutaya ndi kulemba ziro ndi zinthu ziwiri zosiyana, koma mapulogalamu ambiri amazisandutsa chimodzi popanda kufunsa munthu.

Panali zinthu zinanso ziwiri zosakhudza sefa zomwe zinachepetsa mamilimita. Phiri lokwera mamita 1,000 pa mtunda wa makilomita 15 limatchinga cheza mpaka pafupifupi madigiri 4, choncho ngodya za m'munsi zinkafika kuseri kwa zitunda zoyamba zitachepa mphamvu kapena osafika n'komwe. Komanso mafunde a X-band amafooka kwambiri akamadutsa m'mvula yamphamvu, kuposa mafunde otalikirapo a C-band ndi S-band, ndipo kukonza kufookako kumadalira PhiDP yosalala. Tibokosi totayidwa tinkadula PhiDP pakati, ndipo pulogalamu yokonza inkayambiranso kuwerenga ngati cheza sichinadutse m'mvula.

Kumanganso sefa

Tinagwirizana kusiya kudalira malire amodzi. M'malo mwake kabokosi kalikonse kanayamba kuweruzidwa ndi mboni zingapo, mwa njira ya fuzzy logic, momwe chizindikiro chilichonse chimapereka nambala ya pakati pa 0 ndi 1 yosonyeza kuti kabokosiko kakufanana motani ndi mvula, nthaka kapena zamoyo, kenaka manambalawo amaphatikizidwa molingana ndi kulemera komwe tapatsa chizindikiro chilichonse. Mboni zathu zinali kukhakhala kwa dBZ pakati pa tibokosi toyandikana, kukhakhala kwa ZDR ndi kwa PhiDP, kukula kwa rhoHV, liwiro la Doppler, kusiyana kwa TH ndi DBZH, ndi funso lakuti kodi chobwereracho chikupezekanso pa ngodya yapamwamba. Zambiri mwa izi tinazimanga ndi wradlib, pulogalamu yaulere ya Python, yomwe ili kale ndi sefa ya Gabella yoyang'ana kukhakhala ndi kukula kwa chobwerera. Kukhakhala kwa PhiDP kunapatsidwa kulemera kwakukulu, chifukwa m'mvula, ngakhale ya matalala, PhiDP imakwera mwadongosolo potsata cheza, pamene pa nthaka imadumphadumpha. Liwiro la ziro linapatsidwa kulemera kochepa, ndipo palokha silinkaloledwanso kutsutsa kabokosi.

Sefa ya Doppler ya m'kati mwa radar sitikanatha kuisintha kachitidwe kake. Ma radar akuluakulu ali ndi njira monga GMAP, yomwe Siggia ndi Passarelli anaifotokoza mu 2004, imene imachotsa clutter kenaka n'kubwezeretsa gawo la mvula lomwe ladulidwa, komanso njira ya CMD ya ku NCAR, bungwe lofufuza za mlengalenga ku America, yomwe imasankha tibokosi toyenera kusefedwa nthawi yomweyo. Yathu inalibe zimenezi, koma popeza tinali ndi TH ndi DBZH zonse, tinatsanzira ganizo la CMD kunja kwa radar: pomwe mboni zanena kuti ndi mvula yokha, tinkatenga TH, pomwe zanena kuti mvula yasakanikirana ndi nthaka, tinkatenga DBZH koma n'kuika chizindikiro chokayikira, pomwe zanena kuti ndi nthaka yokha, kabokosiko kankalembedwa kuti sikakudziwika.

Gawo la tibokosi tosadziwika ndi lomwe linatenga nthawi yambiri. Kabokosi kalikonse kanayamba kutuluka ndi limodzi la mayankho atatu, kuti muli mvula, mulibe mvula, kapena sitikudziwa, ndipo pulogalamu yowerengera mamilimita inaletsedwa kulemba ziro pa yankho lachitatu. Inkayang'ana kaye pa ngodya yotsatira pamwamba pake, ndipo ikapeza mvula yoyera inkatenga imeneyo. Pa mtsetse, pogwiritsa ntchito mapu a kutalika kwa nthaka a SRTM a mamita 30, tinawerengera pa mbali iliyonse ngodya yotsikitsitsa yomwe cheza chimadutsa osagunda phiri, ndipo imeneyo inakhala ngodya yoyamba kudaliridwa kumeneko. Njirayi ili ndi mtengo wake, chifukwa cheza chikakwera chimayeza mvula patali ndi nthaka, ndipo mvula ya m'mapiri imakula kwambiri m'munsi mwa mtambo. Kwa mitambo ya mabingu ya Januwale ndi Febuluwale, yomwe ndi yaitali, tinaona kuti mtengowo ndi wopiririka. Pamene mvula inali yamphamvu tinasiya dBZ n'kuwerengera mamilimita kuchokera ku KDP, yomwe ndi theka la kakweredwe ka PhiDP pa kilomita, chifukwa KDP siikhudzidwa ndi kufooka kwa mafunde kapena kutchingidwa pang'ono kwa cheza.

Pokonza kulemera kwa mboni panabuka kusagwirizana. Mnzanga wina ankafuna sefa imodzi ya dera lonse, ponena kuti sefa yosinthasintha ndi malo ndi yovuta kuifotokoza ndi kuisamalira ife tikadzachoka. Mfundo yake inali yoona, koma ine ndinkaona kuti kulakwa sikufanana mtengo paliponse. Kutaya mvula yofooka pamwamba pa nyanja sikuvulaza aliyense, pamene kutaya mvula pa mtsetse ndi kutaya cholinga chonse, monga wopeta amene chifukwa chodana ndi gaga wauluzitsa mphale. Tinamaliza ndi madera awiri okha kuti zisachuluke: pamwamba pa nyanja ndi pansi pa chigwa sefa inali yokhwima pa ngodya ya 0.5, ndipo pa mtsetse inali yofewa. Kuti kufewako kusabweretsenso mauthenga abodza, chitetezo chinasamutsidwa kuchoka ku sefa kupita ku lamulo lotumizira uthenga. Uthenga unkatuluka pokhapokha chobwerera champhamvu chikupezeka pa ngodya ziwiri zotsatizana, chakhalapo pa zithunzi zingapo zotsatizana, ndipo gawo la tibokosi tosadziwika m'dera la mtsinjewo linkalembedwa mu uthengamo kuti wolandira adziwe kuti radar ikuona bwino motani.

Sefa yatsopano isanayatsidwe tinaiyesa pa deta yosungidwa, ndipo masiku oyesera tinawasankha mwadala kuti akhale ovuta mbali zonse ziwiri: m'mamawa a kupindika kwa cheza, madzulo a ngumbi, masiku a nkhungu, ndi mvula za pa mtsetse kuphatikizapo ya Januwale ija. Anzanga ambiri amayesa sefa pa masiku ouma okha, chifukwa pamenepo yankho lolondola limadziwika, ndi ziro paliponse. Sefa yomwe imataya zonse imapambana mayeso oterowo. Pa masiku a mvula tinkayang'ana chinthu china, chithunzi cha zomwe zachotsedwa, ndipo chithunzicho chikakhala ndi maonekedwe a mtambo, osati a phiri, tinkadziwa kuti sefa yaluma mvula.

Zomwe zinatsatira

Pa deta ya Januwale, sefa yatsopano inabwezeretsa lamba wa kumadzulo ndi dzenje la matalala, ndipo mamilimita a dera la mtsinje uja anakwera mpaka kudutsa malire otumizira uthenga, nthawi yake ili madzi asanafike pa kalavati. Anatsalirabe m'munsi mwa zomwe choyezera cha kumtunda chinasonyeza, ndipo kusiyanako ndikukuika pa kukwera kwa cheza pamwamba pa zigwembe za kuseri kwa zitunda. Mu Febuluwale ndi Malichi kupindika kwa cheza kunachitikabe m'mamawa ena, ndipo madontho ochepa ankapulumuka sefa pa mtsetse, koma lamulo la ngodya ziwiri linkawaletsa kusanduka uthenga. Mauthenga omwe anatuluka m'miyezi imeneyi anatsatiridwa ndi kukwera kwa madzi m'mitsinje, kwina kwakukulu kwina kochepa, ndipo wapampando uja anayamba kuimba yekha kudzafunsa zomwe radar ikuona kumtunda mitambo ikada.

Zobwerera za zamoyo sitinazitayenso, tinaziika m'gulu lawolawo, ndipo zinapezeka zothandiza. Mphepo yozizira yotuluka pansi pa mtambo wa mabingu imasonkhanitsa tizilombo kutsogolo kwake, ndipo pa radar imaoneka ngati mzere woonda woyenda m'chigwa. Mzere wotere ukafika pa mtsetse kapena ukakumana ndi mphepo ya kunyanja, mtambo watsopano unkamangika pomwepo patangopita kanthawi, moti woyang'anira radar ankakhala tcheru dontho lisanagwe. Mzere wa dzuwa wa m'mawa, womwe umaoneka cheza chikaloza dzuwa lotuluka kunyanja, tinaugwiritsa ntchito poona ngati mlongoti ukulozabe molondola, chifukwa malo a dzuwa pa mphindi iliyonse amawerengeka mwatsatanetsatane.

Mavuto awiri anatsala osathetsedwa. Loyamba ndi mvula yowaza yofooka yosakanikirana ndi tizilombo, pomwe rhoHV imatsika chifukwa cha tizilomboto komanso chifukwa mafunde obwerera ndi ofooka poyerekeza ndi phokoso la m'kati mwa radar. Sefa inkaika mvula yotere m'gulu la zamoyo, ndipo ngakhale izi sizikhudza madzi osefukira, zimachepetsa mamilimita a mwezi wonse, chinthu chomwe alangizi a zaulimi sangachilandire. Lachiwiri linaonekera mu Epulo, mpunga utayamba kucha m'chigwa, pamene magulu a mbalame ochoka m'mabango mbandakucha ankajambula mphete zomakula pa chithunzi. Mbalame zimakhala ndi liwiro lawolawo ndipo ZDR yake siikwera ngati ya tizilombo, choncho kulemera komwe tinakonzera ngumbi ndi nkhungu sikunazigwire bwino, ndipo nyengo inatha tisanasonkhanitse zitsanzo zokwanira zoti tikonzere gulu lawo.

Radar inachotsedwa mvula itatha monga mwa pangano. Kwa omwe analandira ntchitoyi tinasiya deta yonse ya TH ndi DBZH, mapu a ngodya zodalirika pa mbali iliyonse, mndandanda wa masiku oyesera ndi chifukwa chomwe tsiku lililonse linasankhidwira, komanso pempho lakuti radar ikadzaikidwanso m'chigwachi, zoyezera mvula zambiri zikaikidwe pa mtsetse, pakati pa Bembeke ndi Mua, ndipo mapu a clutter akajambulidwe kawiri, masana ndi mbandakucha wa usiku wopanda mitambo mvula zoyamba zitagwa.